Gambiti ya M'kope la Kapensulo

1. Mawu ake m'kamwa mwa wina

Kalabu ya tchesi inkakumana Lachinayi lililonse m'chipinda cha sayansi, ana ena akaweruka. Matebulo a m'menemo anali aataliatali, okhala ndi mipopi yosatuluka madzi, ndipo mabolodi a tchesi ankayalidwa pakati pa mipopiyo.

Pa tebulo lakumbuyo pankakhala mtsikana wa Fomu 2 amene anzake ankamutcha Kapensulo. Dzinali analipata chifukwa cha kapensulo kakafupi kamene sikankachoka kukhutu kwake. Akamaliza kusewera, kaya wapambana kaya wagonja, ankalemba zonse m'kope lake lachikuto chofiira.

Tsikuli aphunzitsi a masamu, amene ankayang'anira kalabuyo, analowa atanyamula pepala.

"Loweruka tikumana ndi sukulu ya kutsidya kwa njanji," anatero. "Chaka chatha anatikwapula pa mabolodi onse anayi. Koma chaka chino kaputeni wathu watisulira chida. Kaputeni, bwera uwaonetse anzako."

Kaputeni anali mnyamata wamtali wa Fomu 4, wodziwa kuyankhula pagulu. Anaika bolodi pa tebulo lakutsogolo, onse n'kumuzungulira.

"Iyi ndi gambiti," anayamba. "Gambiti ndi nyambo. Umapereka msilikali dala kuti mdani atanganidwe ndi kudya, iwe ukutulutsa ankhondo ako akuluakulu. Ife ndife oyera. Taonani msilikali wakudayu. Wadya apa, wadya apa, wadyanso apa, mpaka bishopu wathu wamudya iyeyo. Tikawerenga, iwo atiposa ndi asilikali awiri. Koma ankhondo awo onse akadali mtulo, pamene mabishopu athu awiri aloza kale kunyumba kwa mfumu yawo, wina uku, wina uku. Awiriwa ine ndawatcha sizasi."

Kapensulo anasiya kulemba. Liwu limenelo linali lake. Amalume ake anali ometa, ndipo iye anatcha mabishopuwo sizasi ataona mmene sizasi ya amalumewo imadulira mbali ziwiri. Masabata awiri apitawo Kaputeni anabwereka kope lofiira lija, ati akufuna aone kalembedwe ka masewera. Kumapeto kwa kopelo kunali ntchito ya miyezi itatu.

Kaputeni anaonetsa njira yoyamba, kenako yachiwiri, m'ndondomeko yomweyo ya m'kope. Atafika pa yachitatu anakweza mawu.

"Mdani wochenjera amabweza msilikali mmodzi pakati apa kuti atitsekere njira. Bishopu wathu amudya. Iye atulutsa hatchi kuti aopseze bishopuyo. Apa ndiye pokoma. Bishopu adya msilikali wa pafupi ndi mfumu, cheke, ndiye kuti mfumu yaopsezedwa. Mfumu imudya. Tsopano mzere uwu watseguka, ndipo mfumukazi yawo yatsala yopanda mlonda. Mfumukazi yathu iidya. Masewera athera pomwepo."

Ana anaomba m'manja. "Masewera athera pomwepo" anali mawu omaliza a m'kope la Kapensulo. Iye mwini anachita kuwadula mzere kawiri kunsi.

Mtsikanayo anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, njira zimenezo ndi zanga. Zili m'kope langa."

Wina anaseka kumbuyo. Kaputeni sanaphethire n'komwe.

"Njira za tchesi zilibe mwini, aphunzitsi. Anthu anayamba kusewera tonsefe tisanabadwe."

Aphunzitsi anayang'ana wotchi yawo. "Mwana iwe, nsanje si yabwino. Mnzako akachita bwino, muombere m'manja. Khala pansi."

Kenako anawerenga mayina a anayi okasewera. Kaputeni anaikidwa pa bolodi loyamba. Kapensulo anapatsidwa ntchito yonyamula mabolodi ndi mawotchi owerengera nthawi ya osewera.

2. Pakhonde

Kapensulo anamupeza Kaputeni pakhonde akumanga zingwe za nsapato.

"Unandiuza kuti ukufuna kuona kalembedwe," anatero Kapensulo. "Wakopera tsamba ndi tsamba. Ngakhale dzina la sizasi lomwe."

"Kope lako ndinakubwezera. Pali tsamba limene lasowa?"

"Ukawauze aphunzitsi zoona."

Kaputeni anadzuka n'kudzisasa fumbi pa thalauza.

"Tamvera, mwana wa Fomu 2. Kulemba n'kwina, kusewera n'kwina. Iwe ukanangokhala nazo m'chikwama mpaka njenjete zitadya. Ine ndikazigwiritsa ntchito, sukulu ipambane. Uyenera kundithokoza."

"Ndikuthokoze pondibera?"

"Usaiwale mawotchi Loweruka," anatero, n'kumapita akuimba mluzu.

Kapensulo anaima pomwepo mpaka mlonda anamuuza kuti akufuna kutseka geti.

3. Kubabashopu

Lachisanu ataweruka sanapite kunyumba. Analunjika kubabashopu ya amalume ake, mlongo wawo wa mayi ake, amene anamuphunzitsa tchesi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Babashopuyo inali kachipinda kamodzi kokhala ndi mpando wozungulira, galasi long'aluka pakona ndi benchi yodikirirapo. Pansi pa benchiyo pankakhala bolodi la tchesi. Nsanja imodzi ya ankhondo akuda inatayika kalekale, ndipo m'malo mwake ankaikapo chitsekerero cha botolo la spiriti.

Amalume anali akumaliza kumeta bambo wina. Anamuona m'galasi.

"Nkhope imeneyo ndiye yothamangitsa makasitomala. Wakuputa ndani?"

Bambo uja atatuluka, Kapensulo anafotokoza zonse. Amalume anamvetsera akukutumula nsalu yofunditsa ometedwa. Atamva za mawu a aphunzitsi, anaiponya nsaluyo pampando.

"Ati nsanje? Munthu wakubera thukuta lako masana dzuwa likuswa mtengo, iwe ukadandaula akuti nsanje? Sanapemphe n'komwe kuona kopelo?"

"Anali pachangu."

"Pachangu. Tabweretsa bolodi ndione chimene akuberacho."

Kapensulo anatenga oyera. Anapereka asilikali ake mwaukali, akumenyetsa aliyense pabolodi. Amalume anadya onse mosakana. Mabishopu awiri aja ataima m'malo mwawo, amalume anakanda chibwano.

"Zoopsa ndithu. Munthu wadyera apa afera pomwepa. Koma ine ndikubwezera mmodzi."

Anakankha msilikali wapakati. Bishopu anamudya. Amalume anatulutsa hatchi. Zonse zinkayenda monga mwa njira yachitatu ija. Kapensulo anapereka bishopu, mfumu inamudya, ndipo mfumukazi yoyera inathamanga mzere wonse n'kukadya mfumukazi yakuda.

"Mwaona? Apa ndiye pamene anamuombera m'manja Kaputeni."

Amalume anatenga tsache n'kusesa tsitsi lozungulira mpando, maso ali pabolodi. Kenako anatsamiritsa tsachelo kukhoma, n'kunyamula bishopu wawo wakuda amene anali asanasunthe chiyambire.

"Cheke."

Kapensulo anaweramira pabolodi. Bishopuyo ankaopseza mfumu yake. Koma vuto lalikulu linali kwina. Pochoka pamalo pake, bishopuyo anatsegulira njira nsanja ya pakona, chitsekerero cha spiriti chija. Tsopano nsanjayo inkayang'anizana ndi mfumukazi yoyera popanda chotchinga.

"Yamba wapulumutsa mfumu," anatero amalume. "Lamulo limatero."

Anatchinga ndi hatchi. Nsanja inadya mfumukazi. Atawerenga otsala, oyera anali atataya bishopu wathunthu pachabe.

Anabwezeretsa zonse. Anathawitsa mfumu. Nsanja inadya mfumukazi. Anatchinga ndi bishopu wotsala. Amalume anamudya ndi cheke china, kenako nsanja inadyabe mfumukazi.

"Ndiye kuti njira yonseyi ndi yowola?"

"Sindinatero. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwe unasiya kufufuza pamene unasangalala. Yang'ananso."

Kunalowa mnyamata wofuna kumeta ndevu. Makina ometera analira, n'kusiya. Mnyamatayo anapita. Kapensulo anali akadali pabenchi, kapensulo kali kukamwa. Pomaliza anagwira mfumukazi yake n'kuibweza mzere wonse mpaka kudzaima kutsogolo kwa mfumu.

"Itchinge yokha," anatero. "Yathawa nsanja, yatsekanso cheke. Bishopu wanu aidya, hatchi yanga imudya iyeyo."

Anawerenga. Asilikali asanu uku, asanu uku. Ankhondo akuluakulu chimodzimodzi.

"Ndi yomweyo," anatero amalume. "Palibe wapambana, palibe wafa. Masewera ayamba kumene."

Kapensulo analemba msangamsanga pa tsamba latsopano. Ali mkati molemba anaima, n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Izi Kaputeni sakuzidziwa. Iye anakopera mpaka pamene ndinalekezera."

"Ndiye?"

"Ndiye mawa ndikanyamula mawotchi anga, ndikakhala phee. Akadye mfumukazi, aimirire kudikira kuomberedwa m'manja, kenako aone chomwe chinameta nkhanga mpala."

4. Chenjezo la amalume

Amalume anazungulitsa mpando wometera n'kukhalapo, kuyang'anizana naye.

"Mphwanga, mkwiyo wako ndi woona, ndipo sindikuuza kuti uumeze. Inenso wandigwira. Koma tamvera zimene zinandichitikira ndisanagwire makina ometerawa.

"Ndinkagwira ntchito pa fakitale yopanga misomali. Makina athu ankayenda ndi lamba, ndipo ankachedwa. Ine ndinapeza kamangidwe kena ka lambayo kamene kanachititsa kuti makina athamange. Ndinauza mnzanga mmodzi pa nthawi yopuma. M'mawa mwake ndinamva kuti mnzangayo waitanidwa ku ofesi, amuyamikira pa nzeru zake, amukweza kukhala kapitawo. Ndinapsa mtima ngati mmene wapsera iwemu.

"Koma panali chinthu chimene iye sankadziwa. Lambayo ankatentha. Pakatha maola anayi ankafunika kumupumitsa. Ine ndinkadziwa, ndipo ndinatseka pakamwa. Ndinati lamba akaduka, onse adzadziwa kuti kapitawo wawoyo ndi mbuli.

"Lamba anadukadi. Koma sanamenye kapitawo. Kapitawo anali mu ofesi akumwa tiyi. Anamenya mayi wina amene ankalongedza misomali m'makatoni, mayi amene sanandilakwirepo kanthu. Diso lake lamanzere silinaonenso. Mpaka lero ndikakumana naye pamsewu amandipatsa moni mwaulemu, chifukwa sadziwa. Ine ndi amene ndimayang'ana pansi.

"Mawa pa mabolodi enawo pakhala anzako atatu amene akhala akukonzekera chaka chonse. Bolodi loyamba likagwa, agwa nalo. Iwowo anakubera chiyani?"

Kapensulo anayang'ana pansi.

"Ndiye ndikamunong'oneze yankho kuti akawalenso nalo? Zimenezo ayi, amalume."

"Ndani wanena zonong'ona? Ine ndinalakwa pawiri. Ndinabisa za lamba, ndinabisanso zoti nzeruzo zinali zanga. Ndinkangotukwana mumtima, kudikira kuti tsoka lindiyankhulire. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Iwe ukanene zonse ziwiri, dzenje ndi mwini wake wa njira, pamaso pa aphunzitsi ndi anzako. Usakatukwane munthu. Usakalire. Ukangopempha bolodi. Wokopera amadziwa pothera tsamba, koma wofufuza amadziwa chifukwa chake. Bolodi likasiyanitsa lokha."

"Nanga akakandiuzanso kuti ndikhale pansi?"

"Ukakhale, koma utanena. Zikatero mlandu wa kugonja sukhala pamutu pako. Tsopano dzuka, mayi ako ayamba kukufunafuna."

5. Mphindi zisanu zokha

Mpikisano unachitikira mu holo ya sukulu ya kutsidya kwa njanji. Loweruka m'mawa Kapensulo anafika atakolekera chikwama cha mabolodi paphewa, katoni ya mawotchi ili m'manja. Anzake anali atasonkhana m'kalasi ina yoyandikana ndi holoyo. Aphunzitsi anali asanapereke mayina kwa woyang'anira mpikisano.

Anatula katundu pa desiki, n'kuyala bolodi limodzi.

"Aphunzitsi, ndikupempha mphindi zisanu zokha. Njira yachitatu ija ili ndi dzenje. Kaputeni asewere nane, ine nditenge akuda."

"Wayambanso?" anatero Kaputeni. "Aphunzitsi, mwanayu akufuna kundisokoneza mutu tisanalowe."

Aphunzitsi anatsegula pakamwa kuti amukanize. Koma mtsikana wa pa bolodi lachitatu analowererapo.

"Ngati mulibe dzenje, mphindi zisanu zitipweteka chiyani?"

Kaputeni anakoka mpando mokwiya. Anasewera mothamanga, osaganiza. Anapereka asilikali, anapereka bishopu, anadya mfumukazi, n'kupinda manja pachifuwa.

Kapensulo anasuntha bishopu wakuda. "Cheke."

Kaputeni anatchinga ndi hatchi. Nsanja inadya mfumukazi yake.

Onse anaweramira pabolodi. Aphunzitsi anayandikira n'kuvala magalasi.

"Bwerezani pamenepo."

Anabwereza. Kaputeni anathawitsa mfumu, ndipo mfumukazi inapitanso.

"Kaputeni," anatero aphunzitsi, "njirayi unati unaifufuza wekha. Apa oyera ayankha bwanji?"

Mnyamatayo anayang'ana bolodi, anayang'ana kudenga.

"Ndinali ndisanafikepo pamenepo."

"Iwe ukudziwa?" aphunzitsi anafunsa Kapensulo.

Kapensulo anabweza mfumukazi yoyera kudzatchinga mfumu, n'kufotokoza amene adye mnzake ndi amene atsale. Kenako anatulutsa kope lofiira n'kulipereka ndi manja awiri.

"Dzenjelo ndi langa, aphunzitsi, chifukwa njirayo ndi yanga. Ndinalekezera panjira. Dzulo amalume anga anandionetsa cheke chimenechi, yankho lake ndinapeza ndekha. Masiku onse alembedwa pamwamba pa masamba."

Aphunzitsi anatsegula masambawo limodzilimodzi. Anaona mofufutidwa, mokhwatchidwa, ndi malo amene iwo eni anasainapo miyezi iwiri yapitayo poyendera makope a kalabu. Anavula magalasi.

"Mwana iwe, Lachinayi ndinakuweruza ndisanakumve. Ndinalakwa, ndipo ndikunena pamaso pa anzako."

Kenako anatembenukira kwa Kaputeni, ndipo mawu awo anauma.

"Unandiimika pamaso pa kalabu yonse kuti ndikuyamikire pa ntchito ya wina. Unandichititsa kutcha mwana wosalakwa wansanje. N'zoona kuti njira za tchesi zilibe mwini, koma thukuta lili ndi mwini. Ukanabwera n'kunena kuti mnzathuyu wapeza chinthu chabwino, tiyeni tichigwiritse ntchito, lero ukanakhala kaputeni weniweni. Mtsogoleri amakweza anzake, sawakwera pamsana. Ndipo taona kumene kuba kukanatifikitsa. Ukanalowa mu holomo ndi chida chimene sudziwa kuti chimaphulikira mbali iti. Za ukaputeni wako tikakambirana Lolemba pamaso pa ahedi. Lero sukusewera."

Anatenga cholembera, n'kukhwatcha mzere woyamba wa pepala la mayina lija, n'kulembapo dzina lina.

"Aphunzitsi, wa Fomu 2 pa bolodi loyamba?" anafunsa Kaputeni. "Ine ndasewerera sukuluyi zaka zinayi."

"Nyamula mawotchi ukapereke mu holo," anatero aphunzitsi.

Kaputeni anayang'ana katoniyo. Anaikankha ndi phazi, n'kutuluka wopanda kanthu m'manja. Mnyamata wa pa bolodi lachinayi anainyamula mwakachetechete.

6. Bolodi loyamba

Mu holo munali matebulo anayi ndi chingwe chotchinga oonerera. Kapensulo anakhala pa tebulo loyamba, kumbali ya oyera. Mpando unamutalikira, moti zala za kumapazi zokha ndi zimene zinkagunda pansi. Anzake atatu aja anamugwedezera mitu.

Mpando wa mdani wake unali wopanda munthu. Woyang'anira mpikisano anaitana kawiri.

Kapensulo anaponya maso pawindo. Panja, pafupi ndi thanki ya madzi, panaima Kaputeni ndi mnyamata wina wamagalasi wovala yunifolomu ya sukulu ya kutsidya kwa njanji. Kaputeni ankayankhula msangamsanga, chala chikuyenda pa mapepala amene anakopera m'kope lofiira lija. Kenako anawapinda n'kumupatsa mnyamatayo.

Kapensulo anadzuka kuti aitane aphunzitsi. Iwo anali kumapeto kwa holo, kuseri kwa chingwe, atafulatira.

"Osewera akhale pansi," anatero woyang'anira. "Kuyambira pano palibe kuyankhula ndi aliyense wa kunja kwa chingwe."

Mnyamata wamagalasi uja analowa akupuma mofulumira, n'kukhala pa mpando wopanda munthu uja. M'thumba la malaya ake munkasuzumira nsonga za mapepala. Anatambasula dzanja kupereka moni.

"Ndamva kuti mumakonda kugawa asilikali," anatero motsitsa mawu. "Ine sindikana mphatso."

Kapensulo anagwira dzanjalo.

"Yambani," anatero woyang'anira.

Anakankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumu. Mdaniyo anayankha nthawi yomweyo, osayang'ana n'komwe bolodi, n'kudina wotchi.

Dzanja la Kapensulo linapita pa msilikali wachiwiri, woyambira nyambo, n'kuima m'malere lisanamukhudze. Ntchito yake yonse ya miyezi itatu inali m'thumba la munthu amene anakhala naye maso ndi maso, ndipo wotchi yake inali itayamba kale kudya mphindi.